Moto wodzizimitsa wokha

Kwathu kuno ku Songani, m'mbali mwa msewu wochoka ku Zomba kulowera ku Liwonde, munthu akati wasamba madzi otentha m'mwezi wa June ndiye kuti pali wina amene wadzuka m'bandakucha. Madzi otentha sabwera okha. Pali mwana amene watumidwa kukatunga, pali mayi amene wapemerera mbaula mpaka maso kufiira, ndipo kumtunda uko, m'nkhalango ya Zomba ndi Malosa, pali mtengo umene wagwa. Apaulendo odutsa pa minibasi amangoona msika, milu ya tomato ndi njinga zosenza makala, nkumaganiza kuti kuno nkotentha ngati ku Liwonde. Sadziwa kuti ife tili m'tsinde mwa phiri, ndipo chisanu chikamatsetsereka kuchokera pamwamba paja chimafikira pakhomo pathu. Chiperoni akabwera ndi kamvula kake kowaza, ngakhale galu safuna kuchoka pa phulusa.

Malemu bambo anga ankazidziwa bwino za madzi otentha, ngakhale kuti eni ake moyo wawo wonse ankasamba ozizira. Zomba ikadali likulu la dziko, boma lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975, bambo ankagwira ntchito ya pakhomo kwa mzungu wina wa m'boma, m'nyumba zija zili m'mbali mwa msewu wokwera kuphiri. Kuseri kwa nyumbayo kunali chimene antchito ankangochitcha boyila: mgolo wachitsulo wa malita 200 wogonekedwa pa ng'anjo ya njerwa, paipi imodzi yolowetsa madzi ozizira cha kunsi, ina yotulutsa otentha cha pamwamba, ndi kapaipi kena kakatali koloza kumwamba kuti nthunzi izithawirako, mgolo usaphulike. Ntchito ya bambo inali kudzuka 4 koloko, kuwaza nkhuni za paini, kukoleza, nkumasonkhezera mpaka bwana atamaliza kusamba. Ankakonda kutiuza kuti boyila ilibe chinsinsi. Madzi akazizira, zifukwa ndi ziwiri basi: kapena moto wazima, kapena wosonkhezera wagona. Ndipo pa ziwirizi bwana ankakhulupirira chachiwiri nthawi zonse.

Amayi anadwala sitiroko mu 2021, mkono ndi mwendo wakumanzere nkulefuka, ndipo ndinawatenga kuti tizikhala limodzi. Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndipo belu la kusukulu silidziwa kuti kunyumba kuli wodwala. M'mawa uliwonse ndinkatenthetsa ndowa ziwiri, kuwasambitsa, kuwaveka, kenako nkuyamba liwiro. Ketulo yamagetsi inkandipeputsira ntchito mpaka mu January 2022, pamene namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko nkutaya mamegawati pafupifupi 130. Magetsi anayamba kubwera ngati mbala, usiku anthu atagona, nkuchoka kusanache. Tinabwerera ku makala, ndipo thumba limene linkatifikitsa kumapeto kwa mwezi linayamba kuthera pakati.

Achimwene anga ali ku Johannesburg kuyambira kalekale, amakonza m'minda ndi zinthu zoonongeka m'makomo mwa anthu. Monga ambiri a kwathu amene ali kumeneko, mtima ukawawawa pa za kumudzi amauchiza potumiza katundu. Tsiku lina anaimba foni. "Chemwali, ndakweza giza ya gasi pa basi. Amayi asamavutike ndi ndowa ine ndikadali moyo." Katoniyo inadutsa ku Beitbridge, ku Nyamapanda, pa mlatho wa ku Tete ndi pachipata cha Mwanza, ndipo ndinakailandira ku Blantyre makona ake ataphwanyika koma zam'kati zili bwino. Achimwene analamula chinthu chimodzi mobwerezabwereza: isakhomedwe m'bafa, ikhale panja. Ankati kumene aliko munthu sangolumikiza gasi m'nyumba mwachisawawa, pamafunika mmisiri wovomerezeka amene amapereka chikalata akamaliza. Pulambala wina wa m'tauni anaikhoma kunja kwa khoma la bafa, pansi pa chibaluwa cha malata choiteteza ku mvula, silinda ya makilogalamu 9 ili pambali pake. Amayi anaiyang'ana ali pa mpando wawo pakhonde nkunena kuti, "Mwana wanga, achimwene ako atitumizira bomba." Koma atasamba tsiku loyamba, madzi otentha akuwatsikira paphewa lofooka lija osadukiza, sanafune kutuluka. Ndinachita kuwakumbutsa kuti ndikuchedwa kusukulu.

Kwa awerengi amene sanaione, giza ya gasi sisunga madzi otentha ngati yamagetsi ija. Ndi kabokosi koyera kokhomedwa pakhoma, kukula kwake ngati sutikesi yaing'ono. Ukatsegula mpopi, madzi polowa amakankha kalabala kozungulira kamene kali m'kati. Kalabalako kamakankha kamsomali, ndipo kamsomaliko kamatsegula njira ya gasi nkudinanso kaswitchi. Mabatire awiri akuluakulu, onga a m'mawailesi akale aja, amathethetsa moto. Umamva kuti thi thi thi, kenako bvuu, malawi obiriwira ngati thambo afola mzere ngati ana pa asembule. Madzi amadutsa m'paipi yamkuwa yokhotakhota pamwamba pa malawiwo nkutuluka atatentha. Ukatseka mpopi moto uzima. Yathuyi inalembedwa kuti imatenthetsa malita 6 pa mphindi, yaing'ono pa zinzake, koma yokwanira nkhalamba imodzi.

Chaka chathunthu inatitumikira popanda chodandaulitsa. Vuto linayamba mu April 2023, patangopita masabata ochepa namondwe wa Freddy atasesa chigawo cha kummwera. Giza inkayaka bwinobwino, madzi nkutentha, ndiye pakati pa kusamba umangomva kuti tho, moto wazima. Ukatseka mpopi nkutsegulanso, iyakanso, patapita kanthawi izimanso. Munthu wa miyendo iwiri yolimba madzi akamuzizirira amadumpha nkutukwana, kenako nkuseka. Amayi sangadumphe. Amasamba atakhala pa kampando, ndipo madzi ozizira a m'thanki yogona panja usiku wonse ankawapeza ali pompo, sopo ali kumsana. Tsiku loyamba anakuwa. Lachiwiri anangoluma mano. Lachitatu nditabwera ndi thaulo anati, "Ndisiye, ndinasamba dzulo." Awa ndi amayi amene chikhalire ankasamba kawiri pa tsiku ndipo ankatikwapula tikagona ndi litsiro kumapazi.

Ndinadziwa kuti sikuzizira kokha kumene ankakana. Nkovuta kale kwa mayi kuvula pamaso pa mwana amene anamubereka yekha. Amayi anazipirira zimenezo chifukwa zinkachitika mwachangu ndi mwaulemu, ine ndikuyang'ana kumbali pamene ndingathe. Koma kusiyidwa uli chivulire, ukunjenjemera, mwana wako wathamangira kuseri kukalimbana ndi kabokosi, anthu odutsa panjira akumva zonse, zimenezo zinawachotsera kaulemu kamene matenda anawasiyira. Tinabwerera ku ndowa, koma ngakhale ndowayo ankailandira monyinyirika. Munthu wokhala pansi tsiku lonse akapanda kusamba khungu limayamba kusupuka, ndipo anamwino anali atandichenjeza kale za zilonda zotere.

Pa msika wa Songani palibe nthenda yosowa sing'anga wake. Wina anati gasi wa masiku ano ndi wosakaniza. Wina anati zinthu za ku Joni sizigwirizana ndi madzi a kuno. Mayi wina wa kumpingo anati tiipempherere, ndipo wina ananong'ona kuti pamudzi pano si onse amene anakondwa kuona katoni ija ikutsika pa kabaza. Achimwene anatumiza mawu pa WhatsApp akuti ndisinthe mabatire. Ndinasintha. Kuthetheka kunamveka mwamphamvu, koma kuzima kunapitirira.

Ntchito ya uphunzitsi inandiphunzitsa kuti mwana wojomba sumudziwa pomuyang'ana nkhope, umamudziwa m'kaundula. Ndinatenga kope lotsala nkulemba mizere: tsiku, nthawi, mphindi zimene moto wakhala usanazime, mmene madzi alili m'thanki, ndi mmene kunja kwachera. Ndinkaiyatsa kangapo pa tsiku, madziwo nkumawakhetsera m'ndowa kuti tichapire. Patatha masabata awiri kopelo linayamba kulankhula. Moto unkazima msanga madzi akatsika kufika pakati pa thanki. Unkazimanso wina akatsegula mpopi wa kukhitchini, kapena tikawonjezera madzi ozizira ku shawa kuti asawotche. Zonsezi zinkaloza kumodzi: madzi odutsa m'giza akachepa mphamvu, kalabala kaja kamabwerera m'malo mwake, kamsomali nkutseka gasi. Giza inkachita zimene inapangidwira, chifukwa moto woyaka pansi pa paipi yopanda madzi okwanira ungathe kuiwotcha, kapena kutulutsa madzi obwadamuka oti nkusupula munthu.

Mphamvu ya madzi otsika m'thanki imadalira kutalika kwa pamene thankiyo yakhala. Mamita 10 aliwonse amapereka mphamvu imene amisiri amaitcha bar imodzi. Thanki yathu ili pa nsanja yoposa giza ndi mamita atatu okha, kutanthauza kuti chiyambire tinkayendera kachigawo kakang'ono ka bar, kongokwanira. Nanga nchifukwa chiyani chaka chonse chija sinkazima? Ndinaitana mwana wa achemwali anga amene anali Fomu 3, tinatseka madzi, iye nkumasula natiyo pamene paipi imalowera m'giza. M'menemo muli kasefa kangati chipewa cha chala. Tinakapeza katadzaza matope ofiira ouma gwa, otsalira a madzi amatope amene ankatuluka m'mipopi masabata a Freddy aja. Tinakatsuka ndi mswachi wakale. Mutu wa shawa tinaunyika m'viniga usiku wonse nkuboola timabowo take ndi singano. Kenako ndinakhazikitsa malamulo apakhomo: Agogo akamasamba, wina asakhudze mpopi wa kukhitchini, ndipo madzi akatentha kwambiri tichepetse moto pa giza pomwepo, osati kuwonjezera ozizira. Mwezi wonse wa May moto sunazime, ndipo ndinatumiza uthenga wonyadira ku Johannesburg.

Amayi anali asanavomere kubwerera ku shawa pamene June analowa ndi chisanu chake, vuto nkubweranso litavala malaya ena. Thanki yodzaza, kasefa koyera, mpopi wa kukhitchini wotseka, koma moto nkumazimabe.

Apa ndi pamene ndinaitana mnyamata wina wokonza mawailesi, mafoni ndi mafiliji pa malo a malonda pano. Ndi mnyamata wa manja abwino, anandiukitsira wailesi imene ndinali nditaitaya kale mtima. Anachotsa chivundikiro, nayang'anayang'ana, kenako analoza kachitsulo kozungulira ngati batani, kokhala ndi mawaya awiri, komata cha kumtunda kwa giza. "Madamu, wakuvutitsani ndi uyu. Kasensa aka kakamva kutentha kamadula gasi, ndiye kayamba kunama. Ndingolumikiza mawaya awiriwa kuti kasamalowererepo. Simudzandiitananso." Mtengo umene anatchula unali wochepa kuposa wa nkhuku.

Ndisabise, mawu amenewo anandikoma m'khutu. Amayi anali atatha masiku atatu akungopukutidwa ndi kansalu. Ndalama ya makala inali itatha, ndipo mayeso a pakati pa chaka anali pafupi. Komanso sindingamunyoze mnyamatayo. Luso lonse la amisiri athu a m'misika lagona pa kudumphitsa chimene chafa kuti chotsalacho chiyende, chifukwa m'dziko lopanda zipangizo zosinthira, wodikira chatsopano adzadikira mpaka imvi. Ndi nzeru imeneyo imene imayendetsa maminibasi athu, zigayo zathu ndi mawailesi athu. Koma wailesi ikalakwika imangokhala chete. Gasi ali ndi khalidwe lina.

Chimene chinandigwira mkono ndi nkhani zimene timamva pafupifupi nyengo yozizira iliyonse, za anthu amene analowetsa mbaula m'chipinda, natseka zitseko ndi mazenera, m'mawa nkupezeka atauma ngati ali m'tulo. Chowapha ndi mpweya wa carbon monoxide, umene umatuluka chinthu chikamayaka popanda mpweya wabwino wokwanira. Ulibe fungo, ulibe mtundu, ndipo magazi a munthu amaukumbatira mwamphamvu kuposa mpweya wabwino maulendo oposa 200. Fungo lija timamva gasi akamadontha ndi lochita kuthiramo dala kuti tizindikire, koma utsi wa gasi woyaka molakwika suchenjeza munthu. Mbaula siidziwa kudzizimitsa. Giza iyi inkadziwa, ndipo mnyamatayu ankafuna kuiiwalitsa.

"Koma ili panja, madamu, utsi uthawira kumwamba," anatero. Ndinamulozera kazenera ka bafa kamene kali chapafupi pamwamba pake. Ndinati ayembekeze ndifunse eni katundu. Yankho la achimwene linabwera nthawi yomweyo, mofuula moti mnyamatayo anamva yekha: "Chemwali, asakhudze waya ngakhale umodzi! Bola Amayi asambe za m'ndowa chaka chonse!" Ndinamupatsa ya sopo pa nthawi yake imene anataya, ndipo anachoka nkhope itagwa pang'ono. Mpaka lero tikakumana amandifunsa mwanthabwala ngati bomba lija likadali moyo.

Ndinabwerera ku kope langa. Tsopano kuzima kunali kwa mitundu iwiri. M'bandakucha malawi ankayamba aatali, nkumafupika pang'onopang'ono mpaka kutha. Masana ankayaka mwamphamvu mphindi zinayi kapena zisanu, nkuduka mwadzidzidzi. Mtundu woyambawo ndinaugwira ndi dzanja langa. M'mawa wina giza ikuyaka ndinakhudza silinda, ndipo cha kunsi kwake inali yonyowa ndi yozizira ngati botolo la Fanta lotuluka m'filiji, mzere wa chinyezicho ukuonetsa pamene gasi walekezera. Gasi m'silinda amakhala wamadzimadzi, ndipo kuti atuluke ngati mpweya ayenera kuwira, kutentha kowiritsirako akukutenga ku chitsulo cha silinda ndi mphepo yoizungulira. Gasi wophikira ndi msakanizo wa mitundu iwiri. Wina, propane, amawira ngakhale kutazizira kufika madigiri 42 kunsi kwa ziro. Mnzake, butane, amawira cha pa ziro penipeni, ndiye kukazizira amachita ulesi. Wachangu uja ndiye amayamba kutha, waulesi nkutsalira kunsi. Silinda yaing'ono, yotsala pang'ono kutha, itagona panja usiku wa June, singathe kudyetsa giza imene imameza gasi kuposa mbaula yophikira kangapo konse.

Ndinaikweza pa kabaza kupita nayo kwa wogula chimanga amene ali ndi sikelo yolendewera. Kulemera kwa silinda yopanda kanthu kumadindidwa pa chogwirira chake, ndiye kuchotsera kwake ndi samu ya Sitandade 4. Munatsala makilogalamu awiri. Gasi ameneyo sanali woipa, anatiphikira nsima masabata angapo pa kambaula ka gasi kamene ndinabwereka. Giza ndinaigulira silinda ya makilogalamu 19, ndalama yake achimwene atathandizapo theka. Bambo wina woyandikana nafe anandilangiza kuti ndikanangoika mbaula ya makala pambali pa silinda yaing'ono ija kuti izifunda. Ndinawathokoza mwaulemu. Polumikiza yatsopanoyo ndinapaka thovu la sopo m'malo onse olumikizira, paipi ndi regyuleta yomwe, kuona ngati patuluke timatuza. Panalibe. Kuzima kwa m'bandakucha kunatheratu.

Kunatsala kwa masana kuja, kwa mphindi zinayi kapena zisanu, kumene kope langa linkangokulemba osakumasulira.

Mphunzitsi mnzanga ndiye anandiuza za mkulu wina wopuma ntchito amene zaka zambiri ankasamalira mbaula za gasi ndi maboyila m'makhitchini a mahotela, kuphiri kuno ndi ku Blantyre. Anabwera Loweruka, kachikwama ka zida kali m'khwapa. Asanafunse za giza anakhala pakhonde kulonjerana ndi Amayi, kufunsa za mwendo, za kumudzi, za maliro a anthu amene onse awiri ankawadziwa. Amayi atawauza za boyila ya malemu bambo, mkuluyo anaseka nkunena kuti ena mwa migolo imeneyo ikadalipo kuseri kwa nyumba zakale za m'tauni, nkhuku zikuikiramo mazira. Patapita pafupifupi ola ndi pamene anati, "Mayi, tiyeni tikamuone wodwala winayo."

Sanamasule kanthu poyamba. Anati nditsegule mpopi, iwo nkusuzumira pa kabowo koonera moto. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Malawi awa akudwala. Taonani nsonga zake." Zinali zachikasu, zikugwedera ngati za koloboyi, pamene kale zinali zobiriwira ndi zowongoka. Anapititsa chala pamwamba pa chivundikiro nkundionetsa mwaye wakuda. Gasi woyaka bwino sasiya mwaye. Anadikira mpaka moto unazima wokha, nayang'ana wotchi yawo, kenako anapempha kope langa. Analiwerenga tsamba ndi tsamba ngati mkulu woyendera sukulu, nati, "Mwachita bwino kulemba. Wodwala mmodzi, nthenda zitatu. Ziwiri mwachiza kale."

Anatseka gasi pa silinda, nadikira kuti chitsulo chizizire, kenako anachotsa chivundikiro ndi kachipewa ka pamwamba potulukira utsi. M'menemo, pansi penipeni pa chibaluwa cha malata chija, mavu aja omanga ndi dothi anali atamanga mudzi wathunthu, zisa zomatana kukula ngati zibakera ziwiri, zitatseka njira ya utsi kupitirira theka. Pambali pake panali nalimata wouma. Kunsi, m'timabowo tolowera mphepo yosakanikirana ndi gasi, akangaude anali atayala ukonde wawo. Masabata amene giza inkangokhala osayaka kawirikawiri, tizilombo tinapeza nyumba yofunda ndi youma. Moto unkasowa mpweya kunsi, utsi unkasowa njira kumwamba, kutentha nkumaunjikana m'kabokosimo mpaka kasensa kaja kadule gasi. Kankatenga mphindi zinayi kapena zisanu kuti kafike pamenepo, monga momwe kope linkanenera. Kasensako sikankanama ngakhale tsiku limodzi.

Mkuluyo anagumula zisazo ndi kamtengo, napukuta mwaye pakati pa timapepala tamkuwa ndi kaburashi, napemerera timabowo tonse. Anandionetsanso kachitsulo kena kowonda ngati singano kamene kamakhala m'malawi momwemo. Ntchito yake ndi kutsimikiza kuti moto ulipodi, ndipo kakakutidwa ndi mwaye kamaleka kuumva, giza nkutseka gasi poganiza kuti akungotayika. Anakapala pang'ono ndi sandipepala mpaka kanawala. Kalabala ka madzi kaja anakatulutsa, nakapinda pakati pa zala, nati kayamba kuuma ndipo sikatha chaka china, ndiuze achimwene atumize kena, ndiwajambulire nambala yolembedwa pambali pa giza kuti asagule kolakwika. Nditawauza za mawaya awiri aja, sananyoze munthu. Anangoyang'ana kazenera ka bafa, nayang'ana mulu wa dothi la mavu pansi, nati, "Anyamata amafulumira."

Titayatsanso, malawi anaima chilili, obiriwira kuyambira kunsi mpaka kunsonga. Tinadzaza ndowa zinayi moto osaphethira. Anandichenjeza kuti magiza ambiri otere amadzizimitsa dala akayaka mphindi 20 mosalekeza, ndiye zikatero ndisathamangire kuitana munthu. Anati kamodzi pa mwezi ndizisuzumira potulukira utsi, makamaka mvula ikangotha pamene mavu amapeza dothi lofewa. Malipiro anatchula ochepa, koma sanakane nkhuku imene Amayi analamula kuti agwiridwe.

Kukonza giza kunatha tsiku limenelo, koma kubweza Amayi ku shawa kunatenga sabata ina. Sankakhulupirira mawu anga, ngakhale a mkulu uja. Ndinkawakhazika pa mpando pakhomo la bafa atavala, dzanja lawo labwino lili m'madzi otsika ku shawa, iwo nkumawerenga chamumtima. Tsiku loyamba anachotsa dzanja msanga nkunena kuti chinthucho chikungodikira kuti avule. Lachinayi anakhala mpaka chala chinachita makwinya. Lamulungu m'mawa, ndikukonzekera za kutchalitchi, anandiitana okha: "Iwe, kodi madzi aja alipo?"

Kapichira anayambanso kupanga magetsi mu 2023 momwemo, ndipo ketulo inabwerera pa ntchito yake. Mu November chaka chomwecho ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo popeza gasi amachokera kunja, mtengo wake unakwera nawo. Kuyambira pamenepo giza imayakira Amayi okha. Enafe timasamba za m'ketulo magetsi akakhalapo, akapanda timalimba mtima. Silinda ikatha ndimayenera kupita nayo m'tauni, ndipo makondakitala ena amailipiritsa ngati munthu, ena amaikana poopa kuti apaulendo atsika. Ndikamamva akuluakulu pa wailesi akulimbikitsa anthu kusiya makala nkuyamba gasi kuti phiri lipume, ndimavomereza, chifukwa mabala a phirilo ndimawaona ndili pakhonde. Koma ndimafuna atabwera kudzakwera nane minibasi imeneyo, silinda ili pamiyendo, atawerenganso kuti ndi mabanja angati pano amene ali ndi mlongo ku Johannesburg, ndi angati amene angapeze mmisiri wodziwa kuwerenga malawi. Mkulu uja ndi wokalamba, ndipo nditamufunsa ngati ali ndi amene akumuphunzitsa, anati anyamata amafuna za mafoni.

Kalabala katsopano kanafika ndi munthu wina wobwera ku maliro, katakulungidwa m'sokosi, ndipo mkuluyo anadzakaika mvula isanayambe. Mu July 2024 mwana wa mayi woyandikana nafe anachira kuchipatala, nabwera ndi khanda m'sabata yozizira kwambiri, magetsi atazima, makala atanyowa. Agogo a khandalo anafika pakhomo m'mawa ndi ndowa, akuchita manyazi kupempha. Ine ndinali ndikuwerengera mumtima makilogalamu otsala m'silinda, koma Amayi anandiyambirira kuyankha ali pa mpando wawo.

"Atsegulire, adzaze ziwiri. Ndipo uwauze ana aja kuti wina asayerekeze kukhudza mpopi wa kukhitchini."